Mchenga Wakuda wa pa Doko la Msangu

Sendai, Japan
9 Malichi 2025

Okondedwa achimwene a Gabrieli,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Salma? Nanga amayi ku Golomoti, madzi akuwakwanira m'munda wa mpunga? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwake n'kwankhanza. Ndipitiriza kulemba pamanja n'kujambula ndi foni monga tinapangana, chifukwa ndikaimba mumamveka ngati mukulankhulira m'chitsime. Komanso Chichewa changa chingachite dzimbiri.

Aka n'kachitatu mukundifunsa kuti kodi kwenikweni ndimaphunzira chiyani. Lero ndiyankhe, mungamauze anthu kuti ndinangopita kukadya mpunga wa eni. Inu ndinu wokonza mawailesi, mundimva msanga.

Mawu a pa wailesi ndi pa foni amayenda mumlengalenga pa mafunde osaoneka. Ine ndimagwira ntchito ndi mafunde aafupi kwambiri, onyamula mawu a foni, amene kuno amati maikulowevu. Timatenga kabolodi n'kudindapo timphete ta mkuwa tambirimbiri, kalikonse kodukiza pang'ono. Timpheteto tikandanda bwino timagwira ntchito ngati maso a ukonde: mafunde ena amadutsa, ena amakodwa. Ophunzira amati metamateriyo, koma dzinalo musavutike nalo.

Vuto lake n'lakuti ukonde ukalukidwa, maso ake sasinthanso. Ndiye pansi pa timpheteto timaikapo chinthu chakuda cholimba ngati phale, dzina lake feraiti. Mumachidziwa kale, ndi kamtengo kakuda kaja kokulungidwa ndi waya m'kati mwa wailesi. Ukasendeza maginito pafupi ndi feraiti, khalidwe lake limasintha, ndipo maso a ukonde uja amakula kapena kuchepa. Choncho ndi maginito ukhoza kusankha mafunde oti adutse, ngakhale kuwakhotetsa kuti alowere mbali imene ukufuna. Zikadzatheka, mlongoti wa foni wa pa Mtakataka ukhoza kumatembenuzira mafunde ake kudoko kwanuko, musamapalasenso njinga mpaka kumsewu kukasaka netiweki.

Tsono pempho langa nali. Mukukumbuka mchenga wakuda uja wa pa doko la Msangu, umene unkamata pa maginito tili ana? Muli chitsulo mmenemo, ndipo feraiti amapangidwa ndi zoterezo. Nditawauza aphunzitsi anga, anachita chidwi kwambiri, ati tiyese. Tengani maginito a sipika yakufa, muwakulunge m'jumbo, muziwakoka mumchenga. Zimene zamatapo muzikokotera m'botolo mpaka lidzaze, munditumizire pa positi.

Inenso ndakutumizirani kabolodi kamodzi kamene kanalephera mayeso, kuti muone ntchito ya manja a mlongo wanu. Sikachita chilichonse, n'kongoyang'ana basi.

Mundiyankhe, ndimve za kwathu.

Ndine mlongo wanu,
Kettie


Doko la Msangu, Mtakataka
12 Epulo 2025

Kwa Dokotala wa mawa,

Moni iwe Kettie. Tonse kuno tili bwino. Amayi akulimbana ndi mbalame mumpunga, akuti ubwere udzaziingitse ndi maphunziro akowo. Alamu ako akupereka moni.

Kabolodi kako kanafika. Ndakapachika pamwamba pa chitseko cha shopu, ndipo aliyense wobwera kudzatchajitsa foni amayamba waima n'kukweza maso. Sindiname, ndikuyenda motukumula chifuwa. Anthu ankati ana a malemu Lazaro sadzapita patali, lero aone.

Kalata yako ndinakaiwerenga padoko asodzi akusoka maukonde. Za maikulo-chiyani zija ndinalumpha, lilime langa si lampira. Ndinangowadulira chachidule: mlongo wanga ali ku Japan, amatembenuza mafunde ndi maginito. Ukanaona mmene anasiyira singano! Mlamu wanga Twaibu, mchimwene wake wa Salma uja, anaseka mpaka kugwa chagada pa ukonde. Akuti, "Muwauze alamuwo atichepetsereko mwera chaka chino, tidzawatumizira usipa wa bwino." Ndapereka uthenga, zotsalazo n'zako.

Amene sanaseke ndi Onani, amene amapalasa boti limodzi ndi Twaibu. Anandifunsa kuti, "Japan wake si dziko lija mafunde anameza mizinda?" Ndinati lomwelo, n'chifukwa chake anaitana mlongo wanga. Ukundidziwa ine, nthabwala ikabwera pakamwa sindimeza.

Mchenga ndinatola masiku atatu. Chinali chionetsero chaulere: bambo wamkulu ndevu pepeya akukoka chingwe mumchenga ngati akuyendetsa mbuzi yosaoneka. Amayi oyanika usipa anandifunsa chimene ndikufuna pafupi ndi mathandala awo. Wina akuti ndikukawa, ndiye kuti ndikukokera usipa wa anzanga kunyumba kwanga mwamatsenga. Ndinamuuza kuti akayang'ane m'poto mwathu, akapezamo nyemba za dzulo.

Apongozi anga Che Bwanali nawonso anabwera kushopu. Anatsitsa kabolodi, kukatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Maso ambiri chonchi, kakuyang'ana ndani?" Ndinawafotokozera mmene ndinathera. Anangokabwezera pamsomali. Iwo ndi otero, mawu awo amawerengeka.

Botolo ndinalitumiza Lachiwiri pa positi ya ku Salima. Likafika undiuze. Ndipo ukadzatchuka usadzaiwale kuti mchengawo anakoka ndani.

Mchimwene wako,
Gabrieli
Injiniya Wamkulu wa pa Msangu


Sendai
Loweruka, 14 Juni 2025

Achimwene!

Muli bwanji nonse? Pepani ndakhala chete miyezi iwiri. Botolo linafika, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikupera mchenga wanu, kuusefa, kuusakaniza, kuuwotcha mu uvuni. Kanayi konse zinasweka. Sindinafune kulemba ndilibe chonena.

Lero ndili nacho. Zatheka! Nthawi ya 1 koloko masana ndinaika mchenga wa pa Msangu pansi pa timphete tija, n'kuyamba kupotokola kowonjezera mphamvu ya maginito. Achimwene, mafunde anakhota ndikuona, kuchoka mbali ina kupita mbali ina. Ndinakuwa mpaka anzanga anathamangira kudzaona. Mchenga wakwathu ndi wamphamvu kuposa mmene tinkaganizira.

Ndiye monga mumanenera inu, Injiniya Wamkulu, mlongo wanu watembenuza mafunde. Muwauze a Twaibu kuti lero mafunde andimvera, akonzeretu usipa uja.

Ndilemba zambiri posachedwa. Mundiuze za kumeneko.

Kettie


Doko la Msangu
Lolemba, 16 Juni 2025

Kettie,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno sikuli bwino. Ndikulemba ndili m'nyumba, ndipo sindikudziwa kuti kalatayi ikupeza liti, chifukwa sindingathe kupita kumsewu kumene kuli netiweki. Sindinamve kwa iwe chitumizireni botolo lija.

Twaibu wapita. Loweruka m'mawa, cha m'ma 6 koloko, akubwerera kuchokera ku usipa, mwera unadzuka mwadzidzidzi n'kugubuduza boti. Anali asanu. Anayi anakakamira boti mpaka anzawo anawapeza. Twaibu sanaoneke, ndipo mpaka lero nyanja sinamubweze.

Onani anapulumuka. Atangofika pamtunda anayamba kuuza anthu kuti funde limene linawagubuduza silinali la mwera. Akuti linkapita kwina, kenako linakhota ngati wina walikoka ndi chingwe. Iwe ukudziwa kuti pafupi ndi mathiriro a mtsinje mafunde amasokonezeka chaka chilichonse. Aliyense pano akudziwa. Koma palibe amene akufuna kukumbuka zimenezo, onse akukumbuka mawu anga a padoko paja.

Lamulungu ndinapita kukathandiza kufunafuna. Nditaponda m'boti, anthu anatsika onse. Palibe anandinyoza, anangotsika n'kuima mumchenga mpaka nanenso ndinatsika. Masana anabwera mmodzimmodzi kudzatenga mafoni awo kushopu, ena asanadzaze n'komwe. Kuyambira lero m'mawa, amuna asanu ndi mmodzi akhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndi khomo lathu. Sakusewera bawo, sakucheza. Ndikatuluka kupita kuchimbudzi, mitu yonse imatembenuka.

Onani wabwera ndi uthenga. Akuti Lachisanu akatuluka mumzikiti, ndipite padoko ndi kabolodi, maginito ndi foni ya makalata ako. Akuti ndinatembenuza mafunde kuti amutenge Twaibu, ndiwatembenuzenso kuti amubweze aikidwe ngati munthu.

Kettie, taona msampha wake. Ndikakana, ati ndikubisa mtembo. Ndikapita mtembo osatuluka, ati ndachitira dala. Ndikapita mtembo n'kutuluka, ndiye kuti ndadziulula ndekha. Ndipo ukudziwa zimene anthu amachita masiku ano akamunena munthu ufiti. Safunsa kawiri, amatola miyala, wina amabwera ndi petulo.

Ndinafuna kukataya kabolodiko m'nyanja, Salma anandigwira mkono, akuti akandiona ndiye ndatha lero lomwe. Kuthawa sindingathe, ndipo ndikathawa ndiye kuti ndavomera. Ukwati wathu ena sanaukonde chiyambire, Mkatolika kukwatira mwana wa Che Bwanali. Tsopano apeza pogwira.

Ndili ndi mantha, mlongo wanga. Sindinachitepo mantha chonchi. Twaibu anali mnzanga ndisanakwatire mlongo wake, ndipo sindikuloledwa ngakhale kumulira. Madzi akatayika saoleka, ndi pakamwa panga pamene pandifikitsa apa. Salma apita kumsewu mawa, ndimupatsa foni akutumizire. Lemba kalata yomveka, yonena kuti mafunde ako si a m'nyanja, ndikawawerengere Lachisanu. Mwina amva.

Amayi usawauze.

Gabrieli


Mtakataka
Lachiwiri, 17 Juni 2025

Kwa alamu anga a Kettie,

Asalamu alaikumu. Ndine Salma. Sindinakulemberenipo, ndiye mundikhululukire ngati sindilemba bwino. Ndakhala pakhonde la shopu ya nsalu ya a Zione, pepalali andipatsa ndi iwo.

Ndinabwera kudzagula sanda, nsalu yoyera yokulungira achimwene anga akadzapezeka, Mulungu akalola. N'chifukwa chake amuna a pansi pa mango aja anandilola kudutsa. Nditafika pamsewu ndinatsegula foni kuti kalata ya amuna anga ipite. Inapita. Ndiye inalowa yanu ya Loweruka.

Ndinaiwerenga ndili chiimire, sanda ili m'khwapa. Ndinaiwerenga katatu.

Alamu, ine sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma kuchotsera ndimatha. Amuna anga anandiuzapo kuti kwanuko dzuwa limatsogola ndi maola asanu ndi awiri. Mwalemba kuti 1 koloko masana. Ndikachotsa asanu ndi awiri, ndikupeza 6 koloko m'mawa. Mwalemba kuti mafunde anakhota, mawu omwewo amene akunena Onani, amene sanaonepo kalata yanu. Mwalemba kuti mchenga wa pa Msangu ndi wamphamvu. Ndipo mwatchula dzina la achimwene anga.

A Zione ataona nkhope yanga anandikhazika pansi. Sindinawauze chifukwa.

Masiku atatu onsewa ndakhala ndikukangana ndi abale anga, kuwauza kuti amuna anga ndi munthu wa nthabwala chabe, sangaphe ngakhale nkhuku osapepesa. Azakhali anga anandilavulira pamapazi. Ndinapirira chifukwa ndinalibe chikaiko. Tsopano ndili nacho, ndipo chikundiwotcha.

Lachisanu akufuna foniyi iwerengedwe pagulu. Kalata iyi ikamveka padoko, amuna anga safika madzulo. Ndikudziwa kufufuta, n'kungodina kawiri. Koma ngati zimene mwalembazo ndi zimene zinachitika panyanja, ndiye kuti ndikubisa magazi a mwana wa mayi anga, ndipo ndidzayankha chiyani tsiku lachiweruzo? Sindinawauze amuna anga, ndipo sindiwauza. Akaona angafe ndi mantha anthu asanawakhudze.

Sindikunena kuti munafuna. Mwina munkayesa chabe, osadziwa kuti mchenga umakumbuka kwawo. Ndikungofuna zoona. Ndiuzeni pamaso pa Mulungu wanu ndi wanga, musandinyengerere ngati mwana. Chinthu chanucho chinafika panyanja yathu?

Sindingadikire yankho lero, akundiyembekezera ndi nsaluyi. Ndibweranso Lachinayi, ndinena kuti ndikukagula mafuta onunkhira a maliro.

Ndine mlamu wanu,
Salma


Sendai
Lachiwiri, 17 Juni 2025

Alamu anga a Salma,

Ndaimba kosawerengeka, foni sikulowa, ndiye kuti mwatsikira kale kunyanja. Pepani, pepani chifukwa cha a Twaibu. Ndikulira ndikulemba.

Mwafunsa pamaso pa Mulungu, ndiyankha pamaso pa Mulungu. Ayi. Sichinafike, ndipo sichingafike.

Liwu ndi limodzi, zinthu n'ziwiri. M'Chichewa tilibe liwu lina, ndiye a wailesi timati mafunde, a m'nyanja timatinso mafunde. Anga sanyowetsa, sakankha ngakhale tsamba. Amayenda kuchokera mbali ina ya tebulo kufika mbali ina, m'chipinda chotsekedwa, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kuposa ya foni imene mwaimanga m'chitenje. Pamene ndinati ndinawaona akukhota, ndinaona kamzere kakusuntha pa kompyuta, basi.

Za ola sindikukana, mwachotsera bwino. Koma imvani izi. Ndinapotokolanso Lamulungu, Lolemba, ngakhale lero m'mawa, kambirimbiri, ndisanadziwe kalikonse. Zaka zitatu ndakhala ndikuchita zomwezi ndi feraiti wina, masiku amene nyanja inali bata, masiku amene a Twaibu ankabwera boti litadzaza. Mwera umadzuka m'mawa mu Juni ine ndisanabadwe. Dzina lawo ndinalitchula chifukwa cha nthabwala imene anandituma nayo, ndipo ndikanakonda dzanja langa likanauma ndisanailembe.

Musangokhulupirira mawu anga, yesani nokha. Tengani wailesi yakale kwa achimwene, atsegule kumbuyo. Muona kamtengo kakuda kokulungidwa ndi waya, ameneyo ndiye feraiti, mbale wake wa zimene ndimapanga. Ikani pa MW, pamene pamamveka mawailesi akutali, musake wailesi ya ku Mozambique. Ikamveka, sendezani maginito a sipika pafupi ndi kamtengoko. Mawu azilala. Chotsani, abwerera. Ntchito yanga yonse ndi imeneyo. Kenako tungani madzi m'beseni, muwavundule, muikepo maginito omwewo. Muona kuti madzi alibe nawo ntchito. Mukaonetse anthu zimenezi Lachisanu.

Kalata ija ndikupempha mufufute, koma sindingakukakamizeni, wotayika ndi mchimwene wanu. Ndipo chonde kauzeni apolisi, kapena ansembe ku Mua abwere ndi galimoto adzawatenge achimwene. Ndafufuza ndege, palibe imene ingandifikitse Lachisanu lisanakwane.

Ine ndi amene ndinapempha mchenga. Ine ndi amene ndinatumiza kabolodi. Achimwene atandilembera za Onani ndi za kukawa, ndinaseka, chikhalirecho ndinakulira pomwepo ndipo ndimadziwa kuti nkhani zotere zimathera pati. Ndikudziwa bwino lomwe kuti chipangizo changa n'chosalakwa, komabe chiwerengereni kalata yanu ndikulephera kuchiyang'ana.

Moyo wa achimwene anga uli m'manja mwanu. Ndilibe wina.

Kettie


Mtakataka
Lolemba, 23 Juni 2025

Alamu anga,

Asalamu alaikumu. Ndikudziwa kuti masiku onsewa simunadye. Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva: amuna anga ali moyo. Ali ku Golomoti kwa amayi. Ndikutumiza pa foni ya a Zione, chifukwa yathu kulibenso.

Kalata yanu ndinaiwerenga Lachinayi. Kupolisi sindinapite. Akanabwera, akanawatenga amuna anga bwinobwino, koma anthu akanati boma lateteza mfiti, ndipo nyumba ikanapsa galimoto isanafike kumsewu.

Masana omwewo ndinatseka chitseko, ine ndi amuna anga tinayesa za wailesi zija. Munthu wa pa wailesi ankalankhula Chipwitikizi, ndinasendeza maginito, iye n'kukhala chete ngati wamutseka pakamwa. Alamu, inu munaganiza kuti zimenezi zichotsa anthu mantha. Ine tsitsi linaima. Ndinadziwa pomwepo kuti tikakaonetsa padoko, anena kuti ngati chikutseka pakamwa munthu ali tsidya la nyanja, nanga funde n'chiyani. Mwakhalitsa kunja, mwaiwala maso athu. Koma za beseni ndinayesanso, kasanu, ndipo madzi sanamve kanthu. Mtima wanga unakhazikika pa besenipo.

Kufufuta ndinalephera. Ndinatenga foni, wailesi ndi maginito m'dengu, n'kupita kwa bambo anga. Ndinawapeza okha kuseri kwa nyumba, atagwira ukonde koma osasoka. Ndinawawerengera makalata onse, ndi ya Loweruka yomwe, osalumpha liwu. Ndinati ngati pali woweruza, akhale mwini mwana. Ndinawaonetsa za wailesi, ndinawaonetsa za beseni. Kenako anangofunsa kuti, "Lero ndi tsiku lachingati?" Ndinati lachisanu ndi chimodzi chigubudukireni boti. Anawerenga pazala, anayang'ana kumene kunkachokera mphepo, n'kundiuza kuti ndizipita kwanga. Ndinabwerera osadziwa ngati ndapulumutsa amuna anga kapena ndawapereka.

Lachisanu padoko panadzaza, ngakhale a midzi ina anabwera. Ndinaona miyala m'manja mwa anthu amene anadya mpunga pa ukwati wathu. Wina anabisa botolo la petulo kumbuyo, koma fungo silibisika. Amuna anga ankayenda ngati akuponda minga, kabolodi kali m'manja. Onani anakuwa kuti, "Ayambe awerenga foniyo, timve zimene amapangana ndi mlongo wake!"

Pamenepo bambo anatuluka m'gulu, akadali ndi mkanjo wa kumzikiti. Analanda foni, analanda kabolodi ndi maginito. Anati, "Mwana wotayikayo ndi wa ndani?" Anthu anati ndi wanu. Anati, "Ndiye woitana ndine. Mkamwini alibe mawu pa mwana wanga." Shehe anawagwira mkono, akuti, "Che Bwanali, musatero, zimenezo n'zoletsedwa, mukudziwa." Bambo anawasempha n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno.

Anakweza zinthuzo m'mwamba n'kuitana dzina la achimwene katatu. Mafunde anapitiriza kuwamenya pachifuwa monga ankachitira. Kenako anaponya zonse kutali, foni yomwe, n'kutuluka. Anati, "Ndaitana ndine. Akapanda kubwera, ndalephera ndine. Akabwera, mfiti ndine. Amene wabwera ndi petulo akudziwa nyumba yanga." Miyala ndinaimva ikugwa mumchenga umodziumodzi.

Loweruka m'mawa achimwene anapezeka m'bango, kumpoto kwa doko. Tinawaika tsiku lomwelo. Amuna anga anachoka anthu ali kumanda, palibe anawatsekereza.

Mtengo wake alipira ndi bambo. Zaka makumi atatu akhala akuswali mumzikiti pamzere woyamba, tsopano akhala kumbuyo pafupi ndi nsapato. Ena akuti anachita zachikunja, ena akuti mwana anamupereka okha kuti maukonde azidzaza. Amayi ogula usipa akulambalala mathandala athu. Koma munthu amene wangoika mwana wake palibe angamuponye mwala, ndipo amuna anga palibe akuwatchulanso.

Dzulo ndinawafunsa chifukwa. Anati, "Zaka makumi anayi ndakhala ndikuvuula anthu m'nyanja iyi. Nthawi yozizira nyanjayi imasunga munthu sabata, kenako imamubweza. Ndinadziwa kuti atuluka Loweruka, kaya wina aitane kaya asaitane. Akanaima m'madzimo mwamuna wako, sanda unagula ija ikanachepa."

Pitirizani ntchito yanu, alamu. Bambo akuti mlongoti uja ukadzatembenukira kuno, maboti azidzatha kuimba akaona mwera. Koma mukamalemba, muzinena kuti mafunde a wailesi.

Pali chimodzi chimene sindinauze munthu aliyense. Bambo akuti zonse zija anachita dala, podziwa kuti kabolodi n'kachabe, ndipo ndikuwakhulupirira. Koma ine ndinaima pafupi, madzi akundifika m'maondo. Poitana koyamba ndi kachiwiri, mawu awo anali opita kwa anthu a pamtunda. Kachitatu mawu anasweka, ndipo anakhala chikwezere kabolodi kanu nthawi yaitali, akuyang'ana kunyanja. Pamenepo sankanamizira, ankadikira.

Ndine mlamu wanu,
Salma